Kasitomala wosadya nyama akafuna mkaka “wa kukhola”, mum’gulitse uti?

Amene amalawirira pamsika wa Kamwendo, pa Waliranji kapena pa Boma akuwadziwa bwino anyamata a njinga zomangirira zigubu ziwiri kumbuyo. Amafika dzuwa lisanakwere, mkaka ukadali wofunda, ndipo amayeza ndi kabotolo. Eni matiyirumu ndiwo amayamba kupikula, kenako amayi a m’makomo. Pofika 9 koloko wambiri watha, wotsalawo wayamba kum’dandaulitsa mwini wake.

Pakati pa ogula mkakawu pali gulu lomwe a geni ambiri salilabadira, chonsecho ndi makasitomala osajomba: anthu osadya nyama. Ena ndi a mpingo wa Seventh Day, womwe umalimbikitsa mamembala ake kudalira zakudya za kumunda, ngakhale si onse amene anasiyiratu nyama. Mpingowu ndi wokhazikika dera lino, mpaka uli ndi chipatala chake ku Mwami, kungodumpha malire kulowa m’Zambia. Ena ndi Akatolika amene amasala nyama Lachisanu m’nyengo ya Lenti. Ena anauzidwa kuchipatala kuti achepetse zankhuli. Gulu lalikulu kuposa onsewa, tinene chilungamo, ndi la aja anasiyitsidwa nyama ndi thumba, amene soya pieces ndiye yasanduka nkhuku yawo.

Ambiri mwa anthuwa akafika pachigubu amafuna mkaka wosawiritsa. Amati wowiritsa ndi wosukuluka, ndipo wa m’mapaketi anathiramo mankhwala. Wogulitsa naye amangovomera, poti zam’pulumutsa makala.

Pali pamene akulondola. Mkaka ndi wofunikadi kwa munthu wosadya nyama. Pa magulu asanu ndi limodzi a zakudya omwe alangizi a zaumoyo amaphunzitsa kusikelo, mkaka uli m’gulu la zochokera ku nyama, limodzi ndi mazira, usipa ndi ngumbi. Nyemba, mtedza ndi soya, zomwe Mchinji salira nazo, zimamanga thupi bwino lomwe, koma mulibe vitamini B12. Vitaminiyu amathandiza kupanga magazi ndi kusamalira mitsempha, ndipo munthu akam’sowa kwa nthawi yaitali amafooka, amachita dzanzi m’mapazi ndi m’manja, amaiwalaiwala. Munthu wamkulu amafunika mamaikilogalamu 2.4 patsiku, ndipo kapu imodzi ya mkaka ya mamililita 250 imapereka pafupifupi theka la mlingo umenewu. Kapu yomweyo muli magalamu 8 a zomanga thupi ndi mamiligalamu pafupifupi 300 a calcium wolimbitsa mafupa. Choncho wosadya nyama, nsomba ndi mazira akasiyanso mkaka, wadula chingwe chomaliza.

Koma nkhani yoti moto umapha zonsezi si yoona. Calcium sapsa. Zomanga thupi zimatsalamo. B12 amachepa pang’ono chabe mkaka ukatenthetsedwa mwa nthawi yochepa. Amene amam’wononga ndi aja osiya poto akubwata pambaula mpaka mkaka kusanduka wachikasu. Kufakitale, monga ya Lilongwe Dairy komwe kumapita mkaka wa alimi ambiri a m’chigawo chapakati, satero. Njira yotchedwa pasteurisation, yomwe inatenga dzina kwa wasayansi wa ku France Louis Pasteur, ndi kutenthetsa mkaka kufika madigiri 72 kwa masekondi 15, kapena madigiri 63 kwa mphindi 30, kenako n’kuuziziritsa msanga. Uja wokhalitsa miyezi pashelefu, wolembedwa UHT, amautenthetsa kupitirira madigiri 135 kwa masekondi ochepa n’kuutsekera m’paketi yosalowa mpweya. Chousunga ndi moto ndi paketiyo, osati mankhwala.

Tsono wosawiritsa uja, chikomekome cha mkuyu m’kati muli nyerere. Mkaka umaoneka woyera chimodzimodzi kaya wachokera ku ng’ombe yathanzi kapena yodwala. Ng’ombe zili ndi chifuwa chachikulu chawochawo, ndipo chimalowa mwa munthu kudzera mumkaka wosawiritsa. Palinso brucellosis, nthenda yomwe imachititsa ng’ombe kupoloza. Mwa munthu imabwera ngati malungo: kutentha thupi kobwerabwera, thukuta usiku, kuphwanya m’mfundo. Munthu amapita kukayezetsa malungo, osapezeka, kubwerera, kugula mankhwala pagolosale, mwezi n’kutha akungovutika. Kuonjezera apo pali tizirombo totsegula m’mimba tochokera ku ndowe zomwe zili pabere, m’manja mwa wokama ndi m’chigubu chosatsuka bwino. Amene amavulala msanga ndi ana aang’ono, amayi oyembekezera, okalamba ndi amene chitetezo cha m’thupi chinatsika. Kusadya nyama sikutchinjiriza munthu ku chimodzi mwa izi. Ndipotu wosadya nyama akamamwa mkaka wosawiritsa pafupipafupi, ndiye amakumana ndi chiopsezochi kawirikawiri.

Nkhani ya madzi nayo tisaibise. Alipo ena amene malita 18 amawasandutsa 20 akafika pachitsime kapena pamtsinje wa m’njira. Kumeneko si kuba kokha. Tonse tikukumbukira kolera yomwe inayamba mu 2022 n’kupha anthu oposa 1,700 m’dziko muno. Madzi a padambo akalowa mumkaka wofunda, tizirombo timapeza chakudya chabwino kuposa chomwe tinali nacho padambopo.

Inu opikula, dziwani kumene mkaka wanu wachokera. Alimi amene ali m’magulu amakapereka mkaka pamalo osonkhanitsira, pomwe pali thanki yoziziritsa, ndipo usanalowe m’thankimo amauyeza. Wothira madzi kapena woyamba kusasa amaubweza. Wobwezedwawo sikuti wonse umatayidwa. Wina umakwera njinga n’kubwera kwa inu, pamtengo wokoma. Mtengo ukatsika modabwitsa, funsani chifukwa chake.

Kuyeza sikufuna sukulu. Choyamba nunkhizani, ndipo sefani pang’ono pakansalu koyera: mukaona timibulu, tingwe kapena kamtundu kofiirira, bere la ng’ombeyo ndi lotupa, musagule. Chachiwiri, tapani pasupuni n’kuika pamoto. Ukaphwanyika n’kupanga mibulu, mkakawo wayamba kale kusasa, ndipo mukauthira m’poto wamkulu muononga wonse. Kuyeza kumeneku kumadya mphindi imodzi koma kumapulumutsa mpamba wa tsiku lonse. Chachitatu n’cha amene amaoda wambiri: gulani kachipangizo kotchedwa lactometer, kagalasi koyandama komwe magulu a alimi amagwiritsa ntchito. Mkaka wabwino umaonetsa pafupifupi 28 mpaka 32. Kakamira kwambiri n’kuonetsa nambala yotsika, muli madzi. Zodontheza mkaka pachikhadabo zija n’zongodzisangalatsa, wakuba wochenjera sizim’gwira.

Mukagula, wiritsani nthawi yomweyo, osadikira kuti makasitomala abwere. Mkaka wosaziziritsidwa m’nyengo yotentha ngati ya Okutobala sumatha maola ambiri. Takasani kuti usapserere pansi, udikireni ufufume, kenako chepetsani moto kwa mphindi ziwiri kapena zitatu n’kuphula. Vindikirani. Cholakwika chomwe ndimachiona kawirikawiri m’matiyirumu n’chakuti mkaka wawiritsidwa bwinobwino, koma akuubwezera m’chigubu chomwe unabweramo, kapena akuutunga ndi kapu yomwe yangochoka mu wosawiritsa. Pamenepo makala apita pachabe. Zigubu zomwe munali mafuta ophikira nazonso n’zovuta, kukamwa kwake n’kochepa moti dzanja silifika m’makona momwe mumatsalira utsiru wa dzulo. Chidebe chachitsulo chokamwa kwakukulu n’chodula pogula, koma chimatsukika ndi madzi otentha ndipo chimakhala zaka.

Wotsala masana usakulizeni, pangani chambiko. Apa ndi pomwe ambiri amaphonya: amati kusasa kumapha tizirombo tonse, ndiye amangosiya wosawiritsa pakona kuti ugone. Kusasa kumachepetsa tina, koma sikungadaliridwe kuti kuthana ndi ta chifuwa chachikulu. Wiritsani kaye, udikireni uzizire mpaka ukhale wofunda ngati thupi, thirani masupuni angapo a chambiko chabwino cha dzulo, vindikirani mpaka m’mawa. Chimagwira bwino, chimakoma mofanana tsiku lililonse, ndipo aja amati mkaka umawatupitsa m’mimba ambiri chambiko chimawayanja. Ameneyo ndi kasitomala winanso.

Pali zinthu ziwiri zomwe moto sungakonze, ndipo izi n’zofunika kukambirana ndi mlimi maso ndi maso. Ng’ombe ikabayidwa jakisoni wa mankhwala opha tizirombo, pamakhala masiku olembedwa pabotolo oti mkaka wake usagulitsidwe. Mankhwalawo sachoka ndi kuwiritsa. Chizindikiro chake kwa inu n’chakuti chambiko chimakana kugwira ngakhale mwachita zonse bwino. Chachiwiri ndi chuku. Kuno kwathu kwa mtedza timachidziwa chifukwa cha ogula amene amatibwezera matumba, koma ambiri sadziwa kuti madeya kapena mtedza wachuku ukapatsidwa ng’ombe, gawo la poizoni wake limatulukira mumkaka, ndipo silitha ndi moto. Mlimi amene amadyetsa ng’ombe zotola pansi pa nkhokwe si woti mum’dalire.

A maokala ndi magolosale, yanu ndi iyi. Mkaka wa m’mapaketi uli mitundu iwiri, ndipo kusokoneza n’kutaya ndalama. Wa pasteurised umafuna firiji kuyambira kufakitale mpaka kwa wogula; ndi kuthimathima kwa magetsi kuno, odani wochepa woti uthe msanga. Wa UHT umakhala pashelefu, koma ukangotsegulidwa wafanana ndi wina aliyense. Kaya mwaoda ku Lilongwe kapena wadutsa pachipata cha Mwami kuchokera ku Chipata, onani tsiku lothera ntchito ndipo paketi yofufuma ibwezeni. Wopangidwa m’dziko muno ukhale ndi chizindikiro cha MBS.

Chinanso, ufa woyera uja timagawa m’timapepala n’kumautcha mkaka, wonga Cremora, si mkaka. Ndi mafuta a zomera ndi zotsekemera zoyeretsera tiyi. Mayi wosadya nyama akaugula poganiza kuti akum’patsa mwana chomanga thupi, mwam’pusitsa ngakhale simunafune. Muuzeni. Chimodzimodzi mkaka wa soya wopanga pakhomo: ndi chakudya chabwino, koma B12 mulibe.

Pomaliza, masamu. Mkaka ukawira umaphwa pang’ono, wina umatsalira m’poto, ndiye amene amaika mtengo potengera malita omwe anagula amadabwa madzulo ndalama zikuperewera. Yezani mukatha kuwiritsa. Tengani ndalama zomwe mwapikulira, onjezani za makala ndi za njinga, gawani ndi makapu omwe atsala m’potomo, phindu lanu muike pamwamba pa nambala imeneyo. Ngati malita ndi ambiri, kusiyana kwake pakapu kumakhala kochepa, ndipo wogula akafunsa chomwe mwakwezera, muonetseni poto ali pambaula.