Kamakina kolonda mulilo wa nyama: tigule, olo tisunge ndalama ya malasha?

Ngati ma bundle anu amathela pa TikTok na YouTube, vidiyo ija munaionapo kale. Mudala wa ndevu, magulovu akuda m'manja, akudula chinyama chachikulu chakuda bii kunja monga chapselela, koma mukati chofewa, mafuta akuyendelela pa mpeni. Ni brisket ya ku Texas, ndipo yagona pa chusi usiku wonse. Mukaonelela mavidiyo atatu chabe, mutu umayamba kukunamizani kuti na imwe mungakwanitse. Smoker si vuto: ma welder a mu Kalingalinga, aja a m'mbali mwa Alick Nkhata Road, angakupangileni ya dramu mukangowaonetsa chithunzi pa foni. Koma musanafike na kumeneko, foni imakhala yadzala kale na ma advert a kamakina kena kamene akuti kamalonda mulilo imwe muli mtulo. Manje kwa ife kuno, kali na nchito olo ni fashoni chabe?

Tiyambe tasiyanitsa, chifukwa ambili amasakaniza. Braai yathu ya pa Saturday, michopo ya pa bar, T-bone ya pa Matebeto, zonsezi ni kuocha: mulilo waukali pansi, nyama pamwamba, mphindi 20 mwayamba kale kudya. Smoking ni nkhani ina. Nyama imakhala mu chigubu chotseka, kutali na mulilo, pa kutentha kochepa, pakati pa madigili 107 na 121, ndipo imapsa pang'onopang'ono na chusi cha nkhuni. Nthiti za nkhumba zimatenga maola 5 olo 6. Brisket ya makilo 5 olo 6 ingatenge maola 12 mpaka 16. Sikuti chusi ni chachilendo kwa ife, buka buka ya ku Mpulungu imene timagula pa Soweto imadutsa pa chusi. Kusiyana n'kwakuti asodzi amafuna nsomba iume kuti isaole, pamene a ku Texas amafuna nyama yolimba ifewe osauma.

Vuto lili pa maola 12 amenewo. Mulilo umayendela mphepo. Mukatsegula maningi tumabowo twa pansi, mulilo umakwela, nyama imauma kunja mukati ikali yolimba. Mukatseka maningi, mulilo umafooka, chusi chimakhala choyela chokhuthala, ndipo nyama imawawa monga mwanyambita mbaula. So munthu amangokhalila kuuka usiku kukasuntha kachitsulo pang'ono, kubwelela mu bulangeti, kuukanso. Mu June na July, kuzizila kwa m'mamawa kumagwetsa kutentha. Mu August, chimphepo chija cha fumbi chimalowa m'mabowo n'kukoleza mulilo imwe osadziwa.

Kamakina aka anakapangila vuto imeneyi. Kali na zigawo zitatu chabe: kawaya ka nsonga ya chitsulo kopima kutentha mukati mwa smoker, kafani kamene mumamanga pa bowo ya pansi, na kabokosi kooneka monga kawailesi. Mumalemba pa kabokosi kuti mufuna 110. Kutentha kukatsika, fani imauzila malasha, kukafika, imaleka. Ni chimodzimodzi na mwana amene mwamutuma kukupiza mbaula na katoni, kungoti uyu satopa ndipo sapempha ya talk time. Twabwino tumayamba kuchepetsa mphepo kutentha kusanafike pa nambala, kuti kusapitilile. Twambili tuli na mawaya ena olasa mu nyama, ndipo tumatumiza manambala pa foni kudzela pa Wi-Fi olo Bluetooth. Maina amene mudzakumana nawo ni BBQ Guru, Flame Boss, FireBoard na Billows ya kampani ya ThermoWorks, onse a ku America, na Inkbird ya ku China imene imakhala yochipako.

Tisanamizane, kamagwila nchito. Pa smoker yotseka bwino monga Weber Smokey Mountain, olo ma kamado aja a dothi ooneka monga dzila, kamasunga kutentha pafupi na nambala imene mwalemba usiku wonse. Munthu amagona zoona.

Koma mvetsetsani mawu aja akuti yotseka bwino, chifukwa ndiye pagona nkhani yonse. Fani imadziwa chinthu chimodzi chabe: kuwonjezela mphepo. Siingaziziletse mulilo. Kutentha kukapitilila, chimene ingachite ni kuima n'kudikila kuti malasha asowe mphepo okha. Manje ngati dramu yanu ili na mipata pa chitseko, chivinikilo sichikhala bwino, kwina welder anasiya kabowo, mphepo imalowa yokha mbali zonse. Fani yaima zii, koma mulilo ukukwela chabe: 130, 140, 150. Kabokosi ka madola kangokhala kakulila alamu pa foni, kukuutsani pa 02:00 kuti mukachite nchito imene munakagulila. Ma braai stand ambili amene timapangitsa m'komboni, aja a dramu yodula pakati, anapangidwila kuocha, osati kutsekela mphepo. Kumangapo fani ni kuwononga ndalama. Ndipo pa braai wamba ya soseji, nkhuku na ma chops, kamakina aka kalibe nchito olo pang'ono, chifukwa chivinikilo chimakhala chotsegula nthawi yonse.

Olo pa smoker yabwino, pali kamsampha kena. Mukatsegula chivinikilo kuti muone nyama, olo kuti mujambule ya pa status, kawaya kamamva kuzizila, fani n'kuyamba kuuzila mwamphamvu. Mukatseka, mulilo wakolela kale. Tumakina twina tumazindikila kuti chivinikilo chatseguka n'kuimitsa fani, koma osati tonse.

Mtengo nawo si wa masewela. Ku America tumayambila cha m'ma madola 100 mpaka kufika cha m'ma 400, kutengela mtundu. Sinthani imeneyo mu kwacha pa rate ya lelo, muikepo ya kutumiza na ya duty, mudzapeza kuti kabokosi kadula kuposa smoker imene kakulonda. Mawaya opimila aja nawo sakhalitsa: akalowa manzi olo akakhudza lawi la mulilo amafa, ndipo simungawapeze pa Kamwala, mufunika kuitanitsanso kunja n'kudikila.

Ndiye pali magetsi. Tonse tikumbuka 2024, manzi atatsika mu Kariba chifukwa cha chilala, load shedding inafika maola 21 patsiku. Fani ikaima pakati pa usiku pa smoker imene mwatseka mabowo ena onse, mulilo umazima pang'onopang'ono, ndipo nyama imene yakhala maola angapo pa kafundidwe chabe si yodyetsa alendo. Mwamwayi fani izi sizidya magetsi ambili, ndipo mitundu ina imayendela power bank olo batili ya 12V. Ngati mwatsimikiza kugula, funsani zimenezi poyamba musanafunse za app. Ma pellet grill monga Traeger, amene amabwela na kamakina kawo mukati, amafuna magetsi kuyambila poyamba mpaka pothela, komanso tumibulu twa nkhuni twapadela tumene si twa pa msika wathu. Amenewo tiwasiye.

Chimene ma advert sakuuzani n'chakuti malo ochuka kwambili a brisket ku Texas amayendela anthu, osati tumabokosi. Aaron Franklin anayamba kugulitsa nyama mu kalavani ku Austin mu 2009. Mu 2014 Barack Obama anapita kukadya kumeneko ali pulezidenti, ndipo mu 2015 Franklin anawina mphoto ya James Beard, imene ophika a ku America amailemekeza maningi. Anthu amaima pa mzele maola angapo kudikila nyama yake. Ma smoker ake ni matanki akale a gasi, mulilo ni wa nkhuni za mtengo wa post oak, ndipo pamakhala munthu woponya chikuni usiku wonse. Pa smoker ya nkhuni ya mtundu umenewo, fani siingakuthandizeni kwenikweni, chifukwa ilibe manja oponyela chikuni.

Pali zinthu zina zimene kabokosi sikangadziwe za kuno kwathu. Malasha athu a mu saka sali monga ma briquette a mu mavidiyo, olingana onse monga mabisiketi. M'saka imodzi muli zibuma zikuluzikulu, tuzidutswa, fumbi, na twina tosapsa bwino tumene tumatulutsa chusi choipa. Sankhani olinganako, fumbi muisiye. Brisket nayo: mu butchery zathu amaidula na makina pamodzi na mafupa, ya supu ya nsima. Mufunika kukambilana na wa butchery kuti akusungileni yathunthu, na mafuta ake pamwamba. Ng'ombe zathu zambili zimakulila pa udzu, zilibe mafuta ambili mukati mwa mnofu monga za ku America, so nyama imauma msanga. Ine ningati woyamba kumene ayambe na phewa la nkhumba olo nthiti, zimakhululuka zolakwa.

Chinanso ni ichi. Mavidiyo amakuuzani kuti brisket yapsa ikafika cha m'ma madigili 95 mukati. Koma Lusaka ili pamwamba, pafupifupi mamita 1,280 kuchokela pa nyanja, ndipo manzi kuno amawila cha pa 96, osati 100. Mukamathamangitsa nambala ya mu vidiyo, mungaumitse nyama mukudikila. Ikadutsa 90, yambani kuilasa na kachitsulo. Kakalowa mosavuta monga mu margarine, chotsani. Ndipo musadabwe nambala ikaima pa 65 olo 70 kwa maola angapo osasuntha. Si mulilo wavuta, ni nyama ikutuluka thukuta n'kudziziziletsa yokha. Ena amaikulunga mu foil kuti idutse msanga pamenepo.

Ndiye ndalama ipite kuti? Poyamba pa thermometer ya digital ya mawaya awili, imodzi ya mu nyama, ina ya pa waya woikapo nyama. Ni yochipa kutali na kamakina ka fani, imayendela mabatili wamba, ndipo zambili zili na alamu. Kawochi kaja kozungulila kamene amamanga pa chivinikilo musakakhulupilile maningi, kamapima mphepo ya pamwamba, osati pamene pali nyama. Thermometer imeneyi idzakuthandizani na pa braai wamba: nkhuku ifunika kufika 74 mukati, ndipo mudzaleka kupatsa alendo ntchafu ya magazi pa fupa. Chachiwili, bwelelani kwa welder atseke mipata yonse, asiye mabowo amene mungatsegule na kutseka imwe. Chachitatu ni chaulele: dzazani malasha osayatsa, muike oyaka ochepa chabe pamwamba, na zidutswa ziwili zitatu za nkhuni youma ya mango olo gwafa. Mulilo umayenda wokha pang'onopang'ono kwa maola ambili. Ku America njila iyi amaichula na dzina la Jim Minion, wophika wa m'mipikisano amene anaichukitsa. Dramu yotseka bwino, yoyatsidwa motele, imakhazikika yokha moti fani ingatsale na nchito yochepa.

Amene kamakina kangamupindulile zoona ni uja wa bizinesi. Ngati muli na ma order a kitchen party olo mumagulitsa pa weekend iliyonse, mu smoker muli nyama ya ndalama zambili, ndipo m'mawa mufunika kuimilila tsiku lonse kutumikila makasitomala, tulo twa maola 6 tuli na mtengo wake. Nyama imodzi yowonongeka na kasitomala mmodzi wokwiya pa Facebook zingakudyeleni kuposa kabokosi. Koma wa kamodzi pa mwezi, amene akuitana anzake kudzaonelela bola, alibe chifukwa. Ayatse m'mawa, nthiti zidzapsa game isanayambe.

Ndipo mukapita kukasakila dramu, funsani chimene munali mukati. Ya mankhwala, ya penti olo ya mafuta a galimoto isiyeni. Pezani imene munali zakudya, muiotche na mulilo waukulu penti yonse ichoke musanaikemo nyama. Malata aja onyezimila a galvanised asakhale pafupi na mulilo, mapulanga openta olo a pine asalowe mu smoker, ndipo olo kuzizile bwanji mu July, smoker ikhale panja, osati mu kitchen olo mu garage yotseka.