M'mene Boma la Finland Linayang'anira Kumangidwa kwa Nyumba ya Magetsi a Nyukiliya

Kumpoto kwa Ulaya kuli dziko lozizira kwambiri, dzina lake Finland. Anthu ake ndi ochepa, pafupifupi 5.6 miliyoni, koma amafuna magetsi ambiri chifukwa cha chisanu ndiponso mafakitale a mapepala ndi matabwa. Pa chilumba china cha dzikolo chotchedwa Olkiluoto anayamba kumanga nyumba yaikulu yopangiramo magetsi m'chaka cha 2005. Omanga analonjeza kuti adzatsiriza mu 2009, koma nyumbayo inayamba ntchito yake ya tsiku ndi tsiku mu April 2023, itachedwa zaka pafupifupi 14. Zifukwa za kuchedwaku ndi zambiri. China mwa izo n'chakuti Boma linaika anthu ake pamalopo, oyang'anira okhala ndi mphamvu ya kukana ntchito yoipa ndi kuimitsa amisiri.

Ng'anjo yosazima msanga

Magetsi a mtundu uwu amachokera ku mwala wotchedwa yureniyamu, womwe uja anayamba kukumba ku Kayelekera m'boma la Karonga mu 2009. Akauyenga ndi kuukonza, amauumba timibulu tonga nsonga ya chala, natilonga m'machubu achitsulo, naika machubuwo m'mbiya yaikulu yachitsulo yodzaza madzi. M'menemo yureniyamu amatulutsa kutentha kwakukulu popanda lawi kapena utsi. Kutenthako kumawiritsa madzi ena, nthunzi yake nipukusa makina opanga magetsi. Ng'anjo yatsopano ya ku Olkiluoto imapanga mamegawati 1,600, ndiko kunena pafupifupi kanayi kuchuluka kwa magetsi a ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira ataphatikizidwa pamodzi.

Koma ng'anjo imeneyi ili ndi zoopsa ziwiri. Choyamba ndicho cheza chotuluka m'kati mwake, cha mtundu wa chija madokotala amaunikira nacho m'chifuwa, koma champhamvu koposa. Sichioneka, sichinunkha, ndipo fumbi lake likagwera m'munda kapena m'madzi limaononga malowo zaka zambiri. Chachiwiri ndi ichi: mayi akafuna kuzimitsa moto amafumula nkhuni, nathirapo madzi, moto n'kutha, ng'anjo iyi siitero iyayi. Ngakhale aiimitse, imatenthabe masiku ndi miyezi, ndipo madzi oiziziritsa akaleka kuyenda, za m'kati mwake zimasungunuka. Chifukwa chake mapaipi, mapampu ndi makoma a nyumba yotere ayenera kukhala olimba ndithu, osati a tiyeseko.

Tsono vuto lili apa. Mwini nkhokwe akaona mzati wodyeka ndi chiswe amauzula, naikapo wina. Koma nyumba ya ku Olkiluoto inamangidwa kuti igwire ntchito zaka 60, ndipo zambiri za m'menemo sizidzaonekanso ndi maso. Konkire akauma, zitsulo za m'kati mwake zabisika mpaka kalekale. Ng'anjo ikayaka, pali malo ena amene munthu sangafikepo chisawawa. Nthawi yabwino yogwira cholakwa ndiyo yomwe ija mmisiri ali kuchichita.

Ndani ayang'anira?

Ku Finland ntchito imeneyi ili m'manja mwa bungwe la Boma lotchedwa STUK. Owerenga azindikire chinthu chimodzi: bungweli silili pansi pa unduna woona za magetsi ndi malonda, koma pansi pa unduna wa zaumoyo. Nduna yofuna kuti magetsi atuluke msanga si bwana wa anthu amene angathe kuwachedwetsa.

Lamulo la dzikolo la mu 1987 linaika makhomo angapo. Poyamba khonsolo ya dera limene nyumbayo idzamangidwe iyenera kuvomera. Ikakana, nkhani yathera pomwepo. Khonsolo ya ku Eurajoki, kumene kuli chilumbacho, inavomera. Kenaka Nyumba ya Malamulo inakambirana mu May 2002, ndipo aphungu 107 anavomera, 92 nakana. Chilolezo chomangira chinatuluka mu February 2005, a STUK atapenda mapulani. Ngakhale pamenepo mwini nyumba sanamasuke. Chiwiya chilichonse chofunika pa chitetezo, pulani yake inayenera kuvomerezedwa asanachipange, ndipo pa ntchito zina amisiri anayenera kuima ndi kudikira woyang'anira asanapitirire. Oyang'anira ena anakhala pa chilumba pomwepo, ena nayenda ku mafakitale a m'maiko ena kumene zitsulo zinali kusulidwa.

Oyang'anirawa samanga kanthu. Lamulo limati udindo wa chitetezo uli pa mwini nyumba, amene ku Olkiluoto ndi kampani ya TVO. Kampaniyo inapangana ndi makampani a Areva ya ku France ndi Siemens ya ku Germany kuti aimangire nyumbayo pa mtengo wa mayuro pafupifupi 3 biliyoni. Iwonso anagawira ntchitoyo makampani ang'onoang'ono mazanamazana, ndipo nthawi ina pamalopo panali antchito oposa 4,000 ochokera m'maiko oposa 50, ambiri osamvana chinenero.

Madzi anachuluka m'konkire

Mavuto anayambira pansi penipeni. Kumapeto kwa 2005 anathira maziko a nyumba ya ng'anjoyo, konkire wochindikala mamita pafupifupi 3. Mmisiri aliyense amene anapondapo simenti adziwa kuti madzi akachuluka ntchito imapepuka, pakuti konkire amayenda mosavuta, koma akauma amakhala ndi timibowo tambiri. Izi ndizo zinachitika. Kasakanizidwe kanasinthidwa ntchito ili m'kati, madzi nachuluka kuposa muyeso umene unavomerezedwa, ndipo panapita miyezi oyang'anira a Boma asanauzidwe bwino. Nkhaniyo itamveka, kuthira konkire kunaima kwa kanthawi kumayambiriro kwa 2006.

Atayesa mazikowo anapeza kuti mphamvu yosenza nyumba ali nayo yokwanira, koma sangapirire chinyezi zaka zambiri monga anafunira, kotero anawamata chotchinga chinyezi. Wina anganene kuti mlandu unali waung'ono. A STUK sanaganize choncho. Anatuma anthu kukafufuza, osati konkire yekhayo, koma m'mene ntchito yonse inali kuyendetsedwera, ndipo lipoti lawo linatuluka mu July 2006 kuti aliyense awerenge. Linaonetsa kuti makampani ena ang'ono anali asanagwirepo ntchito ya nyukiliya, kuti powasankha mtengo wotsika unkayang'anidwa kwambiri, ndiponso kuti antchito sanaphunzitsidwe mokwanira chifukwa chake muyeso uliwonse suyenera kusinthidwa popanda chilolezo. Linadzudzula omanga, linadzudzula mwini nyumba, ndipo linatchulanso zimene STUK yeniyeniyo inayenera kukonza pa kayang'aniridwe kake.

Kunena zoona, pamenepa ndi pamene panagona nzeru. Munthu wothira madzi ambiri m'simenti sakhala mfiti kapena mbava. Kawirikawiri amangofuna kuti ntchito iyende. Koma ngati palibe amene anam'fotokozera kuopsa kwake, ndipo kapitawo wake saona cholakwa, ndiye kuti zomwezo zidzachitikanso pa paipi ndi pa waya. Ndipo zinachitikadi. Khoma la m'kati la nyumba ya ng'anjo analiyala chitsulo kuti mpweya woipa usatuluke, ndipo m'zigawo za chitsulocho, zimene anaziwotcherera ku Poland, munapezeka zolakwa zofunika kukonza. Mu 2009 oyang'anira anaimitsanso kuwotcherera kwa mapaipi kufikira zinthu zitalongosoka.

Nkhani ya mapaipi akuluakulu otulutsa madzi m'mbiya ndi yodabwitsa pang'ono. Oyamba aja sanakanidwe chifukwa chothyoka. Anakanidwa chifukwa chitsulo chake chinatuluka chosalola makina ofufuzira ming'alu kuona bwino m'kati mwake. Paipi imene singapimidwe chaka ndi chaka, ndani adzadziwa tsiku limene yayamba kung'aluka? Anasula ena.

Makompyuta

Mkangano wautali koposa unali wa makompyuta. Nyumba yotere ili ndi makina oyendetsa ng'anjo tsiku ndi tsiku, ndi enanso apadera amene ntchito yawo ndi kuiimitsa pakagwa zovuta. Oyang'anira anaona kuti magulu awiriwa alumikizana kwambiri, kotero kuti vuto la gulu loyamba lingathe kulowa m'lachiwiri. Zili ngati kumanga mlonda ndi ng'ombe chingwe chimodzi: ng'ombe ikagwa m'mbuna, mlonda wagwa nayo. Mu December 2008 mkulu wa STUK, Bambo Jukka Laaksonen, analembera kalata mkulu wa Areva kudandaula za kapangidwe ka makinawa. Mu November 2009 oyang'anira a ku Finland, France ndi Britain analankhula pamodzi za vuto lomwelo. A STUK anavomereza pulani ya makinawa mu 2014, patapita zaka zisanu chipitire tsiku limene nyumbayo inayenera kutha.

Si bwino kuganiza kuti kuchedwa konse kunadza ndi oyang'anira. Ng'anjoyi inali yoyamba ya mtundu wake, ndipo kumanga kunayamba mapulani ena asanathe kulembedwa. Omanga anadandaula kuti mapepala awo amachedwa kuvomerezedwa. Mwini nyumba anati mapepalawo amabwera mochedwa ndiponso osakwanira. Anasumirana kwa zaka zambiri, kufikira mu March 2018 pamene anagwirizana kuti omanga alipire mayuro 450 miliyoni. Mtengo wonse wa nyumbayo akuti unafika mayuro pafupifupi 11 biliyoni. Ndalama zimenezi ndi zambiri zedi, ndipo anthu amene amatsutsa magetsi a nyukiliya amazitchula nthawi zonse.

Ku France ndi ku Japan

Kuti vutoli silinali la Finland yokha zinaoneka ku France, kumene ng'anjo ya mtundu womwewo anayamba kuimanga ku Flamanville mu December 2007. Oyang'anira a kumeneko, a bungwe la ASN, anaimitsa kuthira konkire mu May 2008 atapeza zitsulo zosaikidwa bwino. Mu 2015 analengeza kuti chitsulo cha chivundikiro ndi cha pansi pa mbiya chili ndi chilema, ndipo mu 2019 analamula kuti malo 8 owotcherera, ovuta kufikapo, akonzedwe ng'anjo isanayake. Magetsi ake anayamba kutuluka mu December 2024.

Za ku Japan zimaonetsa mbali ina. Pomanga nyumba ya magetsi ya Fukushima Daiichi m'zaka za m'ma 1960, anagumula chitunda cha m'mbali mwa nyanja chotalika mamita 35, nachitsitsa kufikira mamita 10. Chakudza sichiimba ng'oma: pa 11 March 2011 chivomezi chinautsa mafunde oposa mamita 13, madzi namiza makina oyendetsa mapampu, ndipo ng'anjo zitatu zinasungunuka m'kati. Anthu oposa 150,000 anachoka m'nyumba zawo, alimi nasiya minda ndi ziweto. Gulu limene Nyumba ya Malamulo ya Japan inatuma kukafufuza linanena mu July 2012 kuti tsokali linali lopangidwa ndi anthu, pakuti oyang'anira ndi kampani anali ogwirizana mopitirira muyeso. Nthawi imeneyo oyang'anirawo anali pansi pa unduna womwewo umene unali kulimbikitsa magetsi a nyukiliya. Mu September 2012 dzikolo linakhazikitsa bungwe latsopano loima palokha.

M'Malawi mulibe nyumba ya magetsi yotere, koma lamulo la mu 2011 linakhazikitsa bungwe la Atomic Energy Regulatory Authority loyang'anira zinthu zotulutsa cheza, monga za ku mgodi ndi makina a m'zipatala. Mu Africa ng'anjo zopanga magetsi zili ku Koeberg pafupi ndi Cape Town, kumene yoyamba inayamba ntchito mu 1984, ndipo dziko la Egypt linayamba kumanga zake ku El Dabaa mu 2022.

Ku Olkiluoto makhomo otsiriza anatseguka limodzilimodzi. Boma linapereka chilolezo choyendetsera nyumbayo mu March 2019, koma yureniyamu sanalowe m'mbiya kufikira March 2021, a STUK atalola. Ng'anjo inayaka koyamba pa 21 December 2021, ndipo anaikweza mphamvu pang'onopang'ono, naima pa miyeso yoikika kudikira chilolezo china. Pa nthawi yoyesayi anapezanso ming'alu m'mapampu a madzi, nachedwa miyezi ina. Chiyambire April 2023 ng'anjoyi imatha kupereka magawo pafupifupi 14 pa 100 alionse a magetsi a dziko la Finland. Oyang'anira a Boma sanachoke pa chilumbapo. Nthawi iliyonse imene ng'anjo yaimitsidwa kuti asinthe yureniyamu ndi kupima mapaipi, mwini wake saiyatsanso kufikira a STUK atapenda ntchitoyo ndi kulola.