Msampha wa Ngongole ya Nyumba ku America

Ku America, munthu akakongola ndalama kubanki kuti agule nyumba, kawirikawiri amavomera mfundo yakuti tsiku limene adzaigulitse, banki idzakhala ndi mphamvu yoitanitsa ngongole yonse nthawi imodzi. Ndipo lamulo la Garn-St Germain la 1982 lidakhwimitsa mfundoyi, ngakhale kuti lidapatula mwini wosungitsa nyumba yake m'pangano losungira chuma lotchedwa trust, iye nakhalabe wopindula ndi wokhalamo.

Alipo ena amene, pofuna kusunga chiwongoladzanja chotsika chakale, amagulitsana mwa pangano la wraparound: wogula amalipira wogulitsa, wogulitsa nalipirabe banki. Koma chakudza sichiimba ng'oma. Banki ikazindikira, ikhoza kuitanitsa zake zonse, ndipo ndalama zikasowa, nyumba ilandidwa. Chotero wogula ayambe wafunsa loya asanasaine.