Kodi woikidwa chiwindi china amakhala moyo zaka zingati?



Hepatitis B ndi C ndi tizilombo totupitsa chiwindi. Munthu amatha kukhala nato zaka zambiri osamva kanthu, kufikira maso atachita chikasu, mimba itatupa. Chiwindi chikalephereratu, chotsala ndi opaleshoni yomuika chiwindi cha munthu wina.

M'mayiko amene opaleshoniyi imachitika kawirikawiri, odwala pafupifupi 9 mwa 10 amapyola chaka choyamba, ndipo 7 mwa 10 kapena kuposerapo amapyola zaka 5. Ena amafika zaka 20. Kale kachilombo kankabwerera n'kuwononga chiwindi chatsopanocho. Lero hepatitis C amachizika ndi mapiritsi a milungu 8 mpaka 12, ndipo hepatitis B amagonekedwa ndi mankhwala monga tenofovir. Komabe wodwalayo amamwa mankhwala moyo wake wonse kuti thupi lisakane chiwindi chachilendocho.

Chisilamu chimaloleza? Mu 1988 maulama a Islamic Fiqh Academy, pamsonkhano wawo ku Jeddah, adagamula kuti kupereka chiwalo populumutsa moyo n'kololedwa, malinga woperekayo wavomera, koma kuchigulitsa ndi haramu. Wamoyo akhoza kupereka gawo la chiwindi chake, popeza chimakulanso.

Vuto ndi lakuti kuno ku Malawi opaleshoniyi sichitika. Imachitikira kutali, monga ku Johannesburg, Cape Town kapena ku India, pa ndalama zimene msodzi wa ku Senga Bay kapena ku Chipoka sangazipeze. Choncho mphamvu zathu zikhale pa kupewa.

Katemera wa hepatitis B adayamba kuperekedwa kwa makanda mu 2002. Ophunzira athu ambiri adalandira, koma ife makolo tidabadwa asanabwere. Tiyeni tikafunse zoyezetsa magazi kuchipatala cha boma ku Salima, makamaka amayi oyembekezera, chifukwa mwana amatha kutengera kachilomboka pobadwa, ndipo wotenga ali khanda ndiye kawirikawiri amakhala nako mpaka kale.

Tisabwerekane lezala pometa, potemera mphini kapena ku jando: mwana aliyense mpeni wakewake. Ife a m'mbali mwa nyanja tikumbukirenso kuti likodzo la m'matumbo ndi chuku cha pa mtedza ndi chimanga zimawonjezera kuwononga chiwindi. Ana amwe mankhwala a likodzo akamagawidwa pasukulu.

Thupi ndi amana imene Allah adatisungitsa, ndipo tidzafunsidwa za mmene tidaisamalira. Allah atipatse thanzi ndipo achize odwala athu. Ameen.