THUKUTA LA MAYI M'MUNDA WA FODYA

Sabata ino tiyeni tichoke pang'ono kugombe la nyanja, tikaone zimene zimachitika m'zigwa za Kasungu kumene anthu ambiri amadalira fodya. Zimene tione kumeneko zikutikhudza ifenso amene timadalira usipa ndi mpunga.

Ntchito ya fodya ndi yotenga pafupifupi chaka chathunthu. Mayi amathirira nazale m'mawa ndi madzulo, amawokera mvula ikagwa, amapalira, amathyola masamba, amasoka ndi kupachika m'chigafa, kenaka amasankha magiredi mpaka usiku. Pamwamba pa izi ayenera kutunga madzi, kutola nkhuni ndi kuphikira banja. Koma mabelo akafika ku okushoni ya Chinkhoma, kawirikawiri dzina lolembedwa ndi la bambo, ndipo ndalama zimalowa ku akaunti ya bambo. Mayi amangomva kuti fodya sanagulidwe bwino chaka chino.

Kale m'maesiteti zinthu zinali zoipa koposa apa. Mwini munda ankapangana ndi bambo yekha ngati tenanti, koma ogwira ntchito anali banja lonse, ana omwe, popanda malipiro awoawo. Mchitidwe umenewu unathetsedwa ndi lamulo m'chaka cha 2021, koma chizolowezi chosawerengera ntchito ya mayi sichitha ndi lamulo lokha.

Kodi dziko limataya chiyani? Kafukufuku amene mabungwe a United Nations ndi World Bank anatulutsa m'chaka cha 2015 anapeza kuti m'Malawi muno minda yoyendetsedwa ndi amayi imakolola zochepa ndi 28 peresenti poyerekeza ndi ya abambo, ndipo kuti kusiyana kumeneku kunkatayitsa dziko pafupifupi madola 100 miliyoni pachaka. Chifukwa chake si ulesi ayi. Mayi amasowa womuthandiza kulima pa nthawi yake, amasowa zipangizo, ndipo mbewu zopezetsa ndalama zimakhala m'manja mwa abambo.

Malamulo alipo. Lamulo la chuma cha masiye la 2011 limaletsa kulanda katundu wa mayi wamasiye, ndipo lamulo la 2013 limaletsa kusala munthu chifukwa choti ndi wamkazi. Ife Asilamu nkhaniyi si yachilendo kwa ife. Mayi Khadija (R.A.) anali wamalonda wodziwika ku Makka, ndipo Mtumiki (S.A.W.) anayendetsapo malonda awo asanawakwatire. M'chipembedzo chathu chuma cha mkazi ndi chake, mwamuna alibe ufulu wochitenga popanda chilolezo.

Tsono tidzifunse kuno kwathu ku Mangochi, Salima ndi Nkhotakota. Mayi amene amayanika usipa pathandala n'kukagulitsa ku Lilongwe, kodi phindu lake amaliona? Akalowa banki m'khonde, kodi ngongoleyo imapita ku bizinesi yake, kapena bambo amailanda?

Tikupempha zinthu zitatu. Abambo, khalani pansi ndi akazi anu musanagulitse, muwerengere limodzi ndalama ndi kugwirizana zogula. Makolo, musachotse mwana wamkazi kusukulu kuti akathandize kumunda kapena kudoko. Achibale, musakhudze katundu wa amasiye. Mutu umodzi susenza denga, ndipo banja limene limagawana ntchito liyeneranso kugawana phindu lake.

Allah atipatse mitima yachilungamo m'makomo mwathu. Ameen.