Mwaonda, tsopano mufuna marathon? Mbale ya nsima ikali kukuyembekezani

AMENE amadzuka m'mamawa ku Chilenje akudziwa kuti masiku ano mseu wa Chilimbulu ndi wa Burma sudzutsidwanso ndi maminibasi. Makondakitala asanayambe kuitana anthu opita ku tauni, mumakhala kale azimai ndi azibambo obvala nsapato zamphira, ena akuthamanga, ena akuyenda mwandawala, ena akupuma wefuwefu. Ambiri a iwo si anyamata a mpira ai. Ndi anthu a zaka 40 ndi 50, aphunzitsi, manesi, ogulitsa pa msika, a kwaya, amene tsiku lina anakwera pa sikelo ku cipatala nauzidwa kuti BP yakwera, shuga yayandikira, thupi licepe.

Ena anamvera, ndipo makilo 10 kapena 15 anacoka. Tsopano pakati pao pabuka cilakolako cina: kulembetsa mpikisano wa marathon, ndi kupempha abale ndi akristu anzao kuti aikepo kangacepe pa kilomita iliyonse, ndalamazo zikathandize ana amasiye kapena odwala. Ganizoli ndi labwino. Koma ambiri akusokoneza zinthu ziwiri. Akuganiza kuti akangoyamba kukonzekera marathon ndiye kuti mafuta aja apita osabweranso. Sizitero.

Thupi silikondwera ndi kuonda

Munthu akaonda, thupi lake limaona ngati kwagwa njala, ndipo limayamba kudziteteza. Mu 2011 madokotala a ku Melbourne, m'dziko la Australia, anafalitsa zimene anapeza pa anthu 50 onenepa amene anawacepetsera cakudya kwa milungu 10. Anthuwo anataya makilo pafupifupi 13 aliyense. Patapita caka cathunthu anawapimanso magazi, ndipo mahomoni oyambitsa njala anali akali pamwamba kuposa mmene analili asanaonde. Kunena kwina, munthu amene anaonda amamva njala yoposa imene ankamva asanaonde. Si umbombo, ndipo si kufooka kwa mtima.

Cina n'cakuti thupi lopepuka limatentha cakudya cocepa. Dalaivala aliyense akudziwa kuti galimoto ikatsitsa katundu imamwa mafuta ocepa. Ndiye mbale imene inali yokwanira pamene munali ndi makilo 95 ndi yocuruka tsopano pamene muli ndi 80.

Nanga kuthamanga sikungabweze zimenezi? Tiyeni tiwerengere. Munthu wa makilo 80 akathamanga makilomita 5 amatentha makalori pafupifupi 400. Botolo limodzi la hafu lita la zakumwa zotsekemera lili ndi makalori oposa 200. Onjezanipo vitumbuwa viwiri va pa kona pobwerera ku nyumba, basi thukuta lonse la m'mawawo labwezedwa mwana asanapite ku sukulu. Ndipo mtunda ukamakula, njala nayo imakula. Si zacilendo kuona munthu akunenepa ali mkati mokonzekera marathon, cifukwa tsiku lililonse amadziuza kuti lero ndathamanga, ndiyenera kudzithokoza.

Ku America kuli kaundula wa anthu amene anataya makilo oposa 13 nakhala caka kapena kuposa osawabweza. Anauyambitsa Rena Wing ndi James Hill mu 1994. Zimene anthuwa amacita n'zosadabwitsa konse: ambiri amalimbitsa thupi pafupifupi ola limodzi pa tsiku, makamaka kuyenda pansi, amadya cakudya ca m'mawa, ndipo amakwera pa sikelo kamodzi pa mlungu. Palibe tiyi wa zitsamba wogulitsidwa pa Facebook, palibe lamba womanga pamimba.

Pakamwa pa anthu

Koma kuno kwathu mdani wamkulu wa munthu woonda si mahomoni okha. Ndi a neba. Mai akacepa thupi, mafunso amayamba pa mpopi: "Amai, muli cabe bwino?" Apongozi akabwera kucoka ku Chipata amayang'ana mwana wao kucoka kumutu kufika kumapazi ndi kufunsa mkamwana ngati m'nyumba muli mtendere. Bambo akaonda, anzace ku bawa amati bizinesi yagwa. Ndipo tonse tikudziwa liu limene silichulidwa. Amene anakhalapo m'zaka za m'ma 1990 anaika abale ambiri ku Leopards Hill ataonda mpaka mafupa, ndipo kuyambira pamenepo kuonda kunasanduka cizindikiro ca maliro. Alipo anthu amene amabweza makilo dala kuti mphekesera zithe.

Maganizowa anatha nchito. Cifukwa ca mankhwala a ma ARV, anthu ambiri amene ali ndi HIV ali ndi matupi abwino, ndipo ena amene amamwa mankhwala okhala ndi dolutegravir amanenepa ndithu. Otere asaleke mankhwala cifukwa ca sikelo, akambirane ndi a ku kiliniki. Uku bvuto la kunenepa likukula mwakacetecete. Kafukufuku wa STEPS amene Unduna wa Zaumoyo unacita mu 2017 pamodzi ndi bungwe la WHO anapeza kuti pa akulu a zaka 18 mpaka 69 mu Zambia, pafupifupi mmodzi mwa anai anali wonenepa kupyola muyeso, ndipo pafupifupi mmodzi mwa asanu anali ndi BP yokwera.

Anthu a ku Chilenje ali ndi citsanzo pakhomo. M'nyumba nambala 394, imene lero ndi cikumbutso ca dziko, munakhala a Kenneth Kaunda kuyambira January 1960 kufika December 1962. A Kaunda analeka nyama pokwiya ndi mabuchala a atsamunda amene ankagulitsa anthu akuda kudzera pa kawindo, ndipo mowa sankamwa. Sanakhalepo ndi mimba ya ubwana ngakhale analamulira zaka 27. Mu December 2013, pa maliro a Nelson Mandela ku Qunu, anapita kutsogolo akuthamanga, ali ndi zaka 89. Anamwalira pa 17 June 2021 ali ndi zaka 97. Sitikunena kuti aliyense aleke nyama, kapena kuti masamba ndiwo anawapatsa zaka zonsezo. Tikungoti mkulu angathe kukhala wocepa thupi, ulemu wace osacepa.

Apa ndiye pamene marathon imathandizadi. Munthu amene anthu amuona akuthamanga m'mawa uliwonse, amene dzina lace lalengezedwa m'calici kuti adzathamangira ana amasiye, safunsidwanso ngati akudwala. Pa kitchen party kapena pa cilanga mulilo akakana mbale yaciwiri, ali ndi cifukwa cimene alamu ace angamve. Ndipo tsiku la mpikisano likaikidwa, bulangete la mu July silimugwiranso monga kale.

Makilomita 42 si masewera

Marathon ndi makilomita 42.195, mtunda umene unayamba pa masewera a Olympics a ku London mu 1908. Kuti mumvetse, ndi pafupifupi kucoka mu Lusaka kukafika ku Chongwe kapena ku Kafue. Mlimi amene anayendapo mseu umenewo pa njinga atanyamula makala kapena matimati akudziwa zimene tikunena.

Zambia yachuka ndi othamanga mitunda yaifupi: Samuel Matete anapambana dziko lonse pa mamita 400 odumpha zochinga ku Tokyo mu 1991, ndipo Muzala Samukonga anabweretsa mendulo ya bronze kucoka ku Paris mu 2024. Koma mipikisano ya mtunda wautali ya anthu wamba nayo yakhazikika. M'zaka za m'ma 2010 kunali Lafarge Lusaka Marathon, ndipo pambuyo pace banki ya Absa inayamba kukonza yace mu Lusaka. Okhala ndi ndalama ya ulendo amapita ku Victoria Falls Marathon, imene imayambira tsidya la Zimbabwe ndi kudutsa pa mlatho wa pa Zambezi. Mipikisano yotere imakhalanso ndi mitunda yocepa, monga makilomita 21, 10 kapena 5.

Maganizo athu ndi akuti munthu amene waonda caka cino, ndipo sanathamangepo ciyambire ku sekondale, asayambire pa 42. Ana amasiye sadzabweza ndalama cifukwa munathamanga 10. Mtima ndi mapapo zimazolowera msanga, pa milungu yowerengeka, koma maondo, akakolo ndi mitsempha ya kumapazi zimatenga miyezi. Anthu ambiri amabvulala pa nthawi imene ayamba kumva kukoma, mpweya ukukwana koma miyendo isanakhwime. Amene amatha kale makilomita 10 osaima afunika milungu 16 mpaka 20 yokonzekera. Amene akali kuyenda cabe adzipatse caka.

Kakonzekeredwe kace ndi kosabvuta kufotokoza. Thamangani masiku atatu kapena anai pa mlungu, ena onse mupume kapena muyende. Tsiku limodzi, pa Ciweru kapena pa Sondo malinga ndi tsiku limene mumapemphera, likhale la mtunda wautali, ndipo muziuonjezera pang'onopang'ono kufikira makilomita 30 kapena 32. Liwiro likhale loti mungathe kuceza ndi mnzanu osaduka mau. Kukatsala milungu iwiri kapena itatu, cepetsani kuti miyendo ipume.

Musanayambe, pitani ku Chilenje Level One Hospital kapena ku kiliniki ya kwanu akupimeni BP ndi shuga, makamaka ngati mwapyola zaka 40. Odwala shuga amene amamwa mapiritsi kapena kudzibaya jekeseni afunse za muyeso wa mankhwala, cifukwa kuthamanga kungatsitse shuga mpaka munthu kukomoka, ndipo asamacoke pa nyumba opanda switi m'thumba. Kupweteka pa cifuwa, cizungulire kapena kubanika kwacilendo ndi cizindikiro coimira pomwepo.

Nsapato za salaula za ku Soweto kapena City Market zilibe mlandu, bola muzitembenuze muone ngati kunsi sikunadyeke mbali imodzi, ndipo zisakuthineni zala. Tsiku la mpikisano musabvale zatsopano. Miyezi yozizira ya June ndi July ndiyo yabwino pa mitunda yaitali. Mu October dzuwa likangotuluka nchito yatha. Mumdima bvalani zowala, yendani mbali imene mukuona magalimoto akubwera, ndipo azimai asamathamange okha.

Nanga nsima?

Apa mpamene oonda ambiri amalakwa mbali ina. Poopa kunenepanso amalekeratu nsima, kenaka nkukomokera pa mseu. Minofu ndi ciwindi zimasunga shuga wokwanira makilomita pafupifupi 30. Akatha, miyendo imalemera ngati yamangidwa miyala. Munthu wokonzekera marathon afunika nsima, mpunga, kandolo ndi nthoci. Nkhani yagona pa muyeso ndi pa tsiku. Madzulo oti mawa kuli mtunda wautali, idyani mokwanira. Tsiku lopuma, mtanda umodzi wolingana ndi nkhonya yanu ndi wokwana, ndipo theka la mbale likhale cibwabwa, kalembula, bondwe, repu kapena impwa, pambali nyemba, kapenta, mazira kapena nkhuku.

Unga wa mgaiwa kapena roller meal umakhalitsa m'mimba kuposa breakfast, ngakhale ana amaunyoza. Saladi muziyesa ndi supuni m'malo mopendeketsa botolo. Nshawa ndi zabwino, koma dzanja limodzi, osati mbale. Mcere WHO imati usapyole magalamu 5 pa tsiku, kasupuni kamodzi kakang'ono. Madzi imwani monga mwa ludzu. Kumwa mopyola muyeso pa mpikisano kumasungunula mcere wa m'magazi, ndipo kunaphapo anthu. Za mowa sitinena zambiri, mimba za ku bawa zimadzinenera zokha.

Alimi amene akuwerenga angati ife khasu litikwanira. Pa nyengo ya dzinja n'zoona. Koma mukakolola ndi kugulitsa cimanga, khasu limapacikidwa miyezi inai, njinga yamoto yalowa m'malo mwa yopalasa, pamene mbale ikali ija ya nthawi yopalira. BP siyang'ana ngati munthu ali ku Chilenje kapena ku Katete.

Ndalama za anthu

Wothamangira cithandizo asankhe malo odziwika, monga Kasisi Children's Home kapena Our Lady's Hospice ya ku Kalingalinga, ngakhalenso gulu la m'parishi yace loyendera odwala, ndipo ayambe wakaonana ndi eni ace asanagwiritse nchito dzina lao. Ndalama zisalowe pa nambala ya foni ya wothamanga, zisakanizike ndi za ndiwo. Zipite kwa msungicuma wa mphakati kapena wa parishi, dzina lililonse lilembedwe m'buku, ndipo lipoti liwerengedwe poyera. Ndalama yolembetsera mpikisano ndi ya nsapato icoke m'thumba mwanu. Nenaninso pasadakhale cimene cidzacitika mukabvulala osathamanga, ngati ndalama zidzapitabe kapena zidzabwezedwa, pakuti nkhani zotere ndizo zimagawa makwaya.

Ngozi yeniyeni ya makilo imabwera mpikisano ukatha. Mendulo yapacikidwa pa cipupa, miyendo ikuwawa, palibenso tsiku loliyembekezera, koma mimba yazolowera kudya ngati ya munthu wothamanga makilomita 50 pa mlungu. Mvula ikayamba mu November, miseu ya m'komboni matope okhaokha, Krisimasi ili pafupi, makilo amabwerera limodzilimodzi mwini wace akuti ndikali kupuma. Pumani mlungu umodzi kapena iwiri, muziyenda cabe, mbale ibwerere pa muyeso wa masiku opuma kuyambira tsiku lotsatira. Musanacoke pa bwalo la mpikisano, panganani ndi anzanu tsiku ndi malo okumanirananso, ndipo pa Mande uliwonse m'mawa mukwere pa sikelo yomwe ija ndi kulemba nambala m'kabuku. Ikakwera ndi makilo awiri, yambani kucepetsa mlungu womwewo.