Mapiri a Mbala ndi Mathithi a Kalambo: Cuma Cimene Cili Kutali ndi Maso a Ambiri

Anthu ambiri m'dziko la Zambia akamva za malo okopa alendo, maganizo ao athamangira ku mathithi a Mosi-oa-Tunya ku Livingstone, kapena ku nkhalango ya nyama ya South Luangwa ku Mfuwe. Ndi owerengeka okha amene akumbukira dera la mapiri la Mbala ndi Mpulungu m'cigawo ca Kumpoto, pa mtunda wa makilomita pafupifupi 1,000 kucokera mu mzinda wa Lusaka. Koma m'dera limeneli muli mathithi atali kuposa ena onse m'dziko muno, muli doko la pa nyanja ya Tanganyika, ndiponso ndi kumene akatswiri anafukula mitengo yosemedwa imene yasintha zimene dziko lonse lapansi linali kudziwa za anthu oyambirira.

Kuti munthu amvetse bwino dera limeneli, ayenera kuyamba wadziwa m'mene dziko lake linakhalira. Tauni ya Mbala ili pamwamba, pa mamita oposa 1,600 kucokera pa mlingo wa nyanja yamcere, ndipo kufupi ndi tauniyi kuli phiri la Sunzu limene lipitirira mamita 2,000. Nyanja ya Tanganyika ili pansi, pa mamita osakwana 800. Motero munthu wocoka ku Mbala kupita ku Mpulungu, ulendo wa makilomita pafupifupi 40, atsika mamita oposa 800. Anyamuka atavala juzi, nakafika kunyanja thukuta lili kamukamu. Pafupifupi zonse zimene alendo apita kukaona kumeneko zinabadwa cifukwa ca mtsetse waukulu umenewu.

Mathithi a Kalambo

Mtsinje wa Kalambo ndiwo malire a Zambia ndi Tanzania m'cigawo cimeneci. Pa mtunda wa makilomita oposa 30 kucokera ku Mbala, mtsinjewu ufika m'mphepete mwa thanthwe, ndipo madzi ake agwa kamodzi, osagunda pena paliponse, mamita oposa 220. Kutalika kumeneku kuposa kawiri kutalika kwa Mosi-oa-Tunya, amene pa malo ake akuya kwambiri ali ndi mamita 108.

Mathithi awiriwa asiyana kwambiri m'maonekedwe. Mosi-oa-Tunya ndi otambalala ndipo mkokomo wake umveka patali. Kalambo ndi wowonda ngati nsalu yoyera yolendewera m'phompho. Madzi akafika pansi ayenda m'cigwembe cakuya makilomita angapo asanalowe m'nyanja ya Tanganyika. M'matanthwe a cigwembeco, mmene munthu kapena cilombo sicingafike, mbalame zikuluzikulu zochedwa marabou zimanga zisa zao m'nyengo yacilimwe.

Mitengo ya zaka 476,000

Cimene cachukitsa kwambiri Kalambo pa dziko lonse cili kumtunda kwa mathithi. Mtsinje usanagwe, uyenda mokhotakhota m'kacigwa kakang'ono kozingidwa ndi zitunda. Kwa zaka zikwi mazanamazana mtsinjewu wakhala uli kuunjika mcenga ndi matope m'kacigwako, ndipo pansi pake sipauma. Mtengo ukakwiririka mu mcenga wodzala madzi, mpweya sufikako, cotero tizilombo timene tioletsa mitengo tilephera kugwira nchito yao. N'cifukwa cake zinthu za mtengo, zimene kwina zikadaola m'zaka zowerengeka, kuno zinasungika.

Woyamba kufukula pamalopa anali katswiri wa zinthu zakale, a J. Desmond Clark, amene pa nthawiyo anali mkulu wa nyumba yosungiramo zinthu zakale ya ku Livingstone. Iwo anafika pa Kalambo mu 1953, ndipo anapitiriza nchitoyo mpaka m'zaka za m'ma 1960. Anapeza nkhwangwa zamiyala, zidutswa za mitengo ndi zizindikiro za moto, zitasanjikizana kuyambira pa nthawi ya zida zamiyala kufikira pa nthawi imene anthu anayamba kusula zitsulo.

Mu 2019 gulu lina la akatswiri, lotsogozedwa ndi Pulofesa Larry Barham a ku yunivesiti ya Liverpool, mogwirizana ndi akatswiri a m'dziko muno, linafukulanso m'mbali mwa mtsinjewo. Linapeza zipika ziwiri zopingasana. Cipika capamwamba cinali cosemedwa mphako kuti cikhale bwino pa cinzake, ndipo zipsera za zida zamiyala zinali kuonekabe pa mtengowo. Akatswiri a ku yunivesiti ya Aberystwyth anapima mcenga umene unakwirira zipikazo kuti adziwe nthawi imene unaona kuwala kwa dzuwa komaliza, ndipo anapeza zaka zosacepera 476,000.

Zotsatira za kafukufukuyu zinafalitsidwa m'magazini ya sayansi ya Nature mu Sepitembala 2023. Mafupa akale kwambiri a anthu a mtundu wathu amene apezeka ali ndi zaka pafupifupi 300,000. Izi zitanthauza kuti amene anasema mitengo ya pa Kalambo anakhalako mtundu wathu usanaoneke. Akatswiri ambiri anali kuganiza kuti anthu a nthawi imeneyo anali ongoyendayenda. Koma munthu sagwetsa mtengo ndi kuusema kuti ulumikizane ndi unzake pa malo amene afuna kucokapo mawa. Ofukulawo aganiza kuti zipikazo zinali mbali ya thandala kapena maziko okhalapo pa nthaka yonyowa.

Tauni ya Mbala

Kuzizira kwa pamwamba pa mapiri ndiko kumodzi mwa zimene zinakopa atsamunda. Iwo anamanga boma lao pamenepa m'zaka za m'ma 1890 nalicha Abercorn, dzina la mkulu wa kampani ya British South Africa Company. Dzina la Mbala linabwezedwa dziko litalandira ufulu.

Kuno ndi kumene nkhondo yoyamba ya dziko lonse inathera mu Africa. Ku Ulaya mfuti zinaleka kulira pa 11 Novembala 1918, koma mkulu wa asilikali a Germany, Paul von Lettow-Vorbeck, anali asanamve. Iye anali atalowa kale m'dziko lino ndi kulanda Kasama. Uthenga unam'peza pa mtsinje wa Chambeshi, ndipo anauzidwa kuyenda ndi asilikali ake mpaka ku Abercorn, kumene anagonja pa 25 Novembala 1918. Anthu a m'derali asimba kuti zina mwa mfuti zao zinaponyedwa m'kanyanja ka Chila, kamene kali m'mphepete mwa tauni. Mu 2018 boma linacititsa mwambo waukulu ku Mbala wokumbukira kuti papita zaka 100.

Nkhondo imeneyo inakhudza mabanja ambiri a m'dziko muno, ngakhale a kum'mawa. Amuna zikwizikwi anatengedwa m'midzi kukakhala amtengatenga, osenza zakudya ndi zipolopolo pamutu kupita kumalire a kumpoto. Ambiri anafera m'njira ndi njala ndi matenda, ndipo maina ao sanalembedwe pa mwala uliwonse.

Mbala ikumbukikanso pa zina ziwiri. Kuyambira mu 1949, likulu la bungwe la maiko lolimbana ndi dzombe lofiira linali m'tauniyi, cifukwa dzombelo linali kuswana m'madambo a Mweru wa Ntipa ndi a Rukwa ku Tanzania. Ndiponso pa bwalo la ndeke la Mbala ndi pamene mtsogoleri wa dziko la Mozambique, a Samora Machel, ananyamukira pa 19 Okutobala 1986 atatha msonkhano ndi atsogoleri anzao. Ndekeyo inagwa usiku womwewo pa Mbuzini m'dziko la South Africa, ndipo iwo anafera pomwepo.

Nyumba ya Moto Moto ndi miyambo ya eni dera

Mlendo wofuna kudziwa za anthu a cigawo ca Kumpoto ayenera kuyambira pa Moto Moto Museum. Nyumba imeneyi inayamba ndi katundu amene wansembe wa Cikatolika wocokera ku Canada, Bambo Jean-Jacques Corbeil, anasonkhanitsa m'midzi kwa zaka zambiri, ndipo inakhala imodzi mwa nyumba za boma zosungiramo zinthu zakale mu 1974. Dzina lakuti Moto Moto ndi limene anthu anapatsa Bishopu Joseph Dupont, amene anatsegula mishoni zoyamba za Cikatolika pakati pa Abemba.

M'nyumbamo muli ng'oma ndi zoimbira zina, zida za asing'anga, misampha, makasu, mivukuto ndi zipangizo za osula zitsulo. Mulinso mbusa, tizifanizo tadothi timene anamkungwi a Cibemba aphunzitsira atsikana pa mwambo wa cisungu, umene ufanana ndi cinamwali ca kum'mawa. Kacifanizo kalikonse kali ndi nyimbo yake ndi mwambo wake. Bambo Corbeil analemba buku lonena za mbusa zimenezi.

Eni dera la mapiri ndi Amambwe, ndipo a m'mphepete mwa nyanja ndi Alungu. Zilankhulo zao ndi zapacibale kwambiri. Amambwe adziwika ndi kuweta ng'ombe ndiponso ndi ulimi wochedwa fundikila. Mlimi akwirira udzu m'nthumbira kumapeto kwa mvula, udzuwo uolera m'kati, ndipo nyengo yotsatira asalaza nthumbirazo ndi kufesapo mawere kapena mbeu zina. Mwa njira imeneyi nthaka ipeza cakudya popanda kutema mitengo ndi kuiocha. Nyemba za ku Mbala, zimene zigulitsidwa m'misika ya Lusaka ndi ku Copperbelt, zicokera m'minda ya m'mapiri omwewa. M'mwezi wa Juni mitundu iwiriyi isonkhana pa mwambo wa Mutomolo, woyamika cifukwa ca zokolola.

Kutsikira kunyanja

Mpulungu ndi doko limene katundu wa dziko lino, monga simenti ndi shuga, akwerera masitima a pamadzi kupita ku Burundi ndi maiko ena ozungulira nyanjayi. Nyanja ya Tanganyika ndi yakuya mamita 1,470, ndipo pa nyanja zonse za pa dziko lapansi zozingidwa ndi mtunda ipambanidwa ndi Baikal yokha ya ku Russia. Maiko anai agawana madzi ake: Zambia, Tanzania, Burundi ndi Democratic Republic of Congo. Muli mitundu mazanamazana ya nsomba, ndipo yambiri sipezeka kwina kulikonse.

Kapenta amene mabanja ambiri adya ndi nsima kwao ndi kuno. Ngakhale kapenta wa ku Siavonga ndi mbeu ya ku Tanganyika, pakuti anatengedwa kuno ndi kukaikidwa m'nyanja ya Kariba mu 1967 ndi 1968. Usiku wopanda mwezi, nyali za asodzi ziyala pamadzi ngati mudzi waukulu, cifukwa kapenta atsata kuwala. Nsomba ina yochuka ya kuno ndi buka buka.

Kwa zaka zambiri doko limeneli linali kulandira sitima ya MV Liemba yocokera ku Kigoma. Sitimayi inapangidwa ku Germany mu 1913, inabwera m'mabokosi ili zidutswazidutswa, ndipo eni ake anaimiza dala mu 1916 kuti adani asailande. Angerezi anaivuula, ndipo inayambanso kuyenda mu 1927.

Pafupi ndi Mpulungu pali mabwinja a chalichi ca Niamkolo, cimene amishoni a London Missionary Society anamanga ndi miyala mu 1895 ndi 1896. Ndico chalichi camiyala cakale kuposa zonse zimene zikali ciimire m'dziko la Zambia. Nsanja yake, ya mamita 15, inali cizindikiro kwa oyenda panyanja. Mishoniyo inasiyidwa mu 1908 cifukwa ca matenda a kaodzera amene anavuta m'mphepete mwa nyanja, ndipo anthu anasamutsidwira kumtunda. Denga linatha kalekale, koma zipupa zake zocindikala zilipobe.

Kayendedwe ndi kasungidwe ka malowa

Wocokera ku Lusaka atsata msewu wa Great North Road mpaka ku Mpika, napatukira ku Kasama, ndipo kucoka apo pali makilomita pafupifupi 165 kukafika ku Mbala. Sitima ya pamtunda ya TAZARA nayo idzera pa Kasama. Mathithi a Kalambo ali ndi madzi ambiri kumapeto kwa mvula, ca m'ma Malici mpaka Meyi, ndipo acepa kwambiri pofika mu Okutobala. Woyenda m'nyengo ya dzinja ayenera kufunsiratu za msewu wa kumathithi asananyamuke. Ena adzera panyanja pa bwato, nakwera phiri wapansi kucokera kumene mtsinje ulowera m'nyanja, koma njira imeneyi ifuna munthu wamphamvu ndi womuperekeza wodziwa dera.

Kutalika kwa ulendo ndiko kwateteza malowa ku cionongeko, komanso ndiko kwamana anthu a kumeneko phindu limene anzao a ku Livingstone apeza kwa alendo. Mathithi a Mosi-oa-Tunya analowa m'kaundula wa bungwe la UNESCO wa malo ofunika pa dziko lonse mu 1989. Kalambo anaikidwa pa mndandanda wa malo oyembekezera kulowa m'kaundulayo mu 2009.

Malo a Kalambo ndi Niamkolo ali m'manja mwa bungwe la National Heritage Conservation Commission, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 1989. Lamulo limenelo linaletsa kufukula kapena kucotsa cinthu cakale popanda cilolezo. Cifukwa cake n'comveka. Nkhwangwa yamwala ikacotsedwa mu mcenga umene inagonamo, palibenso angathe kupima zaka zake, ndipo isanduka mwala wamba. Mitengo ya m'mbali mwa mtsinje ikatha ndi makala, madzi akokolola magombe amene asunga zinthuzi. Mtengo wakale nawo ukacoka m'nthaka yonyowa ndi kuuma, ung'ambika ndi kufumbutuka.

Akatswiri afukula kagawo kakang'ono cabe ka kacigwa ka Kalambo. Zotsala zikali pansi pa mcenga, ndipo kusungika kwake kudalira mafumu, alimi, ana a sukulu ndi alendo amene aponda pamenepo.